Mpando Umene Bambo Anawamba pa Ng'anjo

Bambo anga atamwalira tinawaika bwinobwino kumanda a pafamu, kufupi ndi Mvurwi, koma uthenga wa maliro awo sunafike kumudzi kwawo ku Malawi. Kwa anzathu a kuno ku Zimbabwe imeneyi si nkhani. Munthu wafa, waikidwa, anthu adya, abalalika. Koma kwa ife ana a matchona, amene makolo athu anabwera wapansi kudzera ku Tete kudzalima fodya wa azungu, maliro otere amakhala osatha. Mwambo wathu ndi wakuti munthu akafera kutali mumafunafuna wina amene akupita kumudzi. Mumam'patsa jekete kapena bulangete la malemuyo, mumam'konzera kamba wa panjira, kenako mumam'gwadira n'kumuuza mawu oti akanene. Iye akafika amatula katunduyo pamaso pa abale, abalewo n'kulira ngati mtembo uli pomwepo. Zikatero ndiye kuti munthu uja wafika kwawo.

Mayi anapinda jekete ya bambo n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, kudikira munthu wopita. Koma opita anali atachepa. Wina ankati apita akakolola, wina ankati apita chitupa chikatuluka, wina ankayamba iyeyo kumwalira. Kenako inafika nthawi ija mafamu ankalandidwa. Sindikonda kuikamba. Tinachoka ndi zovala za m'thupi, komboni inapsa, sutikesi inapsera momwemo. Kuchokera pamenepo m'nyumba mwathu munalibe ngakhale supuni imene bambo anaigwirapo.

Masiku ano ndimakhala ndi mayi ku lokeshoni ya Mvurwi. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti makina anga amathamanga koma pakamwa panga pamawapitirira. Ndine woyamba kubadwa. Ndinabadwira m'komboni, mchombo wanga unakwiriridwa m'dothi la kuno, komabe chitupa changa chinakhala zaka zambiri chili ndi chilembo chosonyeza kuti ndine mlendo. Ndinakalowa pamizere kangapo konse mpaka chilembocho chinachoka. Ndiye munthu akandiuza kuti ndipite kwathu, ndimam'funsa ngati akufuna ndimulozere nyumba yanga ndi chala.

Lamlungu lina kutchalitchi kunabwera mtsikana wa Chishona, wamng'ono kuposa mwana wanga wamkazi, atavala nsapato zoyera ngati sadziwa fumbi la kwathu. Ankagwira ntchito ku myuziyamu ina yaing'ono, nyumba yosungira zinthu zakale imene inayambitsidwa ndi kalabu ya alimi achizungu m'tauni ina yoyandikana nafe. Anati m'nyumbamo muli zinthu zimene azungu analemba kuti zinachokera ku Nyasaland, ndipo akuluakulu ake agwirizana zozibwezera ku Malawi. Asanazitumize ankafuna kuti anthu achikulire a mtundu wathu akazione n'kufotokoza zimene akudziwa.

Ine ndinatsina mnzanga amene ndinakhala naye pabenchi. Nkhani zathu zinasowa msika zaka zonsezi, lero zakwera mtengo? Koma mayi anamva kuti kuli zinthu za kumudzi, ndipo mayi akamva mawu oti kumudzi makutu amaima. N'zoseketsa, chifukwa iwowo anabadwira ku mgodi wa Arcturus ndipo ku Malawi sanapondeko phazi. Tinapita pa kombi, minibasi ya kuno, ine, mayi, ndi bambo wina wokalamba amene timamuitana kuti malume ngakhale palibe ubale wa magazi. Malumewo ndi Msilamu, anali mnzawo wa bambo wa ponda apa nane ndipondepo, ndipo ndi amene ankatizingira nkhuku m'komboni kuti pamphika pasakhale wosala.

Tinapeza achikulire anzathu atafika kale. Zinthu zinali patebulo lalitali, zina m'magalasi, chilichonse ndi kakhadi kake. Mtsikana uja anaika foni patebulo kuti izijambula mawu, n'kutipempha kuti tisagwire kanthu ndi manja. Zimenezo zinatha msanga. Gogo wina ananyamula lichero n'kuyamba kulipepeta lopanda kanthu, akunena kuti mayi ake analandidwa lofanana nalo ndi dona, n'kupatsidwa beseni lachitsulo limene linachita dzimbiri mvula imodzi yokha. Bambo wina anaona khasu lalifupi n'kulitembenukira msana. Anati iye sakambapo kanthu, msana wake ukulidziwa. Ndinaona kuti mtsikanayo amadziwa kumvetsera, ndipo ndinayamba kumukhululukira nsapato zake.

Kumapeto kwa tebulo, m'galasi lakelake, munali mpando wamtengo wakuda bii. Pansi pake panali mkazi wogwada, manja ali m'mwamba, atasenza pokhalirapo pamutu ngati wasenza mtolo. Mtsikana anatiwerengera kakhadi. Kankati ndi mpando wa mfumu ya Achewa, wakale kwambiri, ndipo palibe akudziwa amene anausema.

Mayi anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nkhungu pagalasi. Anazungulira mbali ina, akukoka mwendo wawo wovuta uja, n'kuima.

"Khutu langa ilo," anatero.

Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwasewera. Koma anakweza duku n'kundionetsa khutu lamanzere, lija linang'ambika ndi waya wopachikira fodya ali mtsikana. Ndinayang'ana mkazi wamtengoyo. Khutu lake lamanzere linali long'ambika pamalo omwewo. Pamasaya pake panali mphini za mayi, zija anawatema ku chinamwali. Malume anavula kofia, anaikanda pang'ono pamutu, n'kuivalanso.

"Ndi ntchito ya achimwene imeneyi," anatero malume. "Ndinawathandiza kugwetsa mtengo wake."

Mtsikana anasendeza foni pafupi ndi mayi.

"Ambuya, tauraizve. Fotokozani zonse, musafulumire."

Mayi anakhala pampando wapulasitiki n'kufotokoza, malume akuthira ndemanga. Ine zambiri ndinkazimva koyamba. Bambo ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Pa Lamlungu ankasema mithiko ndi zipande za amayi a m'komboni. Dona wa pafamupo anaona chipande chimodzi kukhitchini kwake, anafunsa wosema, ndipo tsiku lotsatira anaitanitsa bambo ku khonde la nyumba yaikulu. Anawaonetsa chithunzi cha m'buku, mpando wa mtundu wina wa kutali umene bambo sanaumvepo, n'kunena kuti akufuna wotero, koma ukhale wa Chinyasa.

"Bambo ake a uyu anati kumudzi kwawo mfumu imakhala pamkeka kapena pachikopa," mayi anatero. "Dona anati iwo sanafunse za kumudzi."

"Sakanakana?" anafunsa mtsikana.

Apa ndinayankha ndine, chifukwa funso limeneli limandiyabwa. Ndinamuuza kuti pafamu mawu oti ayi ankanenedwa ndi munthu amene wamanga kale katundu wake. Nyumba inali ya bwana, madzi a bwana, ufa wa bwana, ngakhale malo a manda anali a bwana. Munthu wochokera ku Dedza, wopanda munda kuno, akanakana n'kukagona pati?

Choncho bambo anagwetsa mlombwa, umene kuno amautcha mukwa. Nkhope ya munthu anali asanasemepo, ndiye anauza mkazi wawo kuti agwade panja asenze lichero, iwo azionera. Lamlungu lililonse, tsiku lokhalo lopuma, mayi ankagwada padzuwa kuchokera pobwera kutchalitchi, mawondo akuwawa, anzawo akudutsa n'kumafunsa ngati alakwira amuna awo.

"Ndiye ndinali ndi pakati," mayi anatero, akundiloza ndi milomo. "Pa uyu wolongololayu."

Ndinayang'ananso m'galasi. Mimba ya mkazi wamtengoyo inali yotukuka. Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka. Ndinali nditakhala mu myuziyamu zaka zonsezi osadziwa.

Mpando utatha, dona sanakondwe. Anati ukuoneka watsopano, alendo ake ochokera kutsidya la nyanja sangauyamikire. Ankafuna wakale. Bambo anamvetsa kuti ukalamba nawo ndi ntchito imene munthu angapatsidwe. M'kati mwa balani simulowa utsi, fodya angaonongeke, koma pakamwa pa ng'anjo utsi suchoka. Anapachika mpandowo pamenepo nyengo yonse youmitsa fodya, akuutembenuza ngati mlamba, akuupaka oyilo wakuda wa thalakitala ndi mwaye. Pomaliza anaukwirira pambali pa chulu kuti chiswe chilaweko kumiyendo. Atautulutsa, dona anaomba m'manja. Unakhala m'chipinda chochezera, ndipo malume akuti kuki wa m'nyumbamo ankamva dona akuuza alendo kuti anaugula kwa mfumu yokalamba pafupi ndi nyanja.

"Anawapatsa chiyani achimwenewo?" gogo wa lichero uja anafunsa.

"Jekete yakale ya bwana," anatero mayi.

Sanandiyang'ane ponena zimenezi, koma ndinadziwa jekete yake. Bambo anali ndi jekete imodzi yokha moyo wawo wonse.

Mtsikana anazimitsa foni. Kenako anati nkhani imeneyi yasintha zinthu. Mpandowo unali pagulu la zopita ku Malawi chifukwa ankakhulupirira kuti unachokera kumeneko. Poti wasemedwa kuno, ukhoza kutsala. Anatiuza mosabisa kuti kutipatsa kuti tipite nawo kunyumba sangathe, malamulo awo salola kupereka chinthu kwa munthu. Koma pa ziwirizi, kutsala kuno kapena kupita ku myuziyamu ya ku Malawi, iye akachonderera akuluakulu ake kuti atsate mawu a banja.

Ine sindinadikire n'komwe.

"Utsala," ndinatero. "Ukapita kukatani? Mtengo wake ndi wa kuno, utsi wake ndi wa kuno, mimba iyo ndi ya kuno."

Mayi anangomanga duku lawo n'kupempha ndodo yawo. Tinakwera kombi. Ndinaganiza kuti atopa, ndipo njira yonse ndinkalongosolera malume mmene kakhadi katsopano kayenera kulembedwera. Malume ankangoti eya, eya, akuyang'ana minda ya fodya pawindo.

Tsiku lotsatira ndikukonzekera kupita kusitolo, mayi anandiitana pakhonde.

"Mpando uja upite," anatero.

Ndinaika pansi thumba langa. Ndinalankhula, ndipo ndinalankhula bwino, mpaka lero sindikuchotsapo liwu. Ndinawakumbutsa mmene ana asukulu ankatitchulira mayina onyoza. Ndinawakumbutsa anthu aja anatiuza kuti tinyamuke tipite kumene tinachokera, ife tisakudziwa ndi msewu womwe. Ndinati dziko lino linalemera ndi fodya amene bambo anaumitsa mpaka chifuwa chinawatenga, koma palibe mwala, palibe chikwangwani, palibe chilichonse chosonyeza kuti tinali pano. Manda awo omwe anazunguliridwa ndi chimanga cha eni atsopano, kupitako n'kupempha. Lero kwapezeka chinthu chimodzi chimene mdzukulu wanga angakachione n'kunena kuti agogo anga anasema ichi kuno, ndiye nachonso tichipitikitse ngati mmene ankatipitikitsira ife? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndinatero, wa pachala ndi wa mphepo.

"Komanso inu amayi, kumudzi mukukunenaku munakuonapo? Mukudziwa ngati kuli munthu amene akukumbuka bambo?"

Mayi anandisiya mpaka mpweya unandithera. Ali ndi luso limenelo, ndipo limandipsetsa mtima kuposa kukalipa.

"Watha?"

"Sindinathe, koma nenani."

"Jekete ija itapsa ndinalira kwambiri," anatero. "Dzulo ndi pamene ndinazindikira kuti Mulungu anaitenga dala. Tikanatumiza thukuta la mzungu kuti abale akalilire. Uwu ndiye wa manja awo. Ndipo munthu wopita wapezeka, sitinam'funefune, wabwera yekha mpaka kutchalitchi."

"Koma sakupita kumudzi. Akukauika m'galasi lina, m'tauni."

"Tikam'funse."

Tinamuimbira mtsikanayo pafoni yanga, ine ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti andithandiza. Ananena zoona zokhazokha. Anati iye mwini ndi amene adzaperekeze katunduyo pagalimoto, koma kumudzi wa bambo sadzafikako. Mpando udzakhala m'nyumba yonga myuziyamu yawoyo, anthu azidzauona pagalasi.

"Anthu ake ati?" mayi anafunsa, akukuwira foni ngati ili kutsidya la mtsinje.

"Aliyense, ambuya. Ana asukulu, akuluakulu."

"Olankhula Chichewa?"

"Ehe, ambiri."

"A ku Dedza amafikako?"

"Ndikuganiza kuti amafikako."

"Basi. Mudzalembe dzina la amuna anga ndi mudzi wawo, ndi kuti anamwalira. Tsiku lina adzadutsa munthu amene agogo ake ankadikira mchimwene wawo. Akadzawerenga adzakanena."

Nditadula foni ndinati zimenezo n'zolota. Mayi anavomera kuti mwina n'zolota. Kenako anapitiriza.

"Iwe unamenyera chitupa chako ndipo unachipeza. Ndiwe wa kuno, palibe angakuchotse. Bambo ako sanafunepo kukhala wa kuno. Chaka chilichonse ankati tikakolola tipita. Ine ndatsala pang'ono kukumana nawo. Akadzandifunsa kuti kumudzi anamva, ndidzati chiyani? Kuti munthu wopita anapezeka koma mwana wanu anakana?"

Ndinapita kusitolo ndili wokwiya, ndinathyola singano ziwiri, ndinakalipira kasitomala wosalakwa. Masana malume anadutsa, anakhala pa benchi langa. Anangondiuza kuti iwonso ali ndi kofia imene anaipatula, ndipo ana awo akudziwa chochita nayo. Ndinawafunsa ngati onse okalamba anapangana zondizunza. Anaseka n'kupempha kuti ndiwasokere thumba la mkanjo.

Ndinavomera, koma ndisaname kuti ananditembenuza maganizo. Ndimakhulupirirabe kuti mpando uja unali umboni wathu ndipo malo ake anali kuno. Kungoti mkazi wa malemu si ine, ndipo amene anagwada padzuwa si ine. Chimene ndinaumirira ndi mawu a pa kakhadi. Ndinauza mtsikanayo kuti asakalembe zonona. Akalembe kuti unasemedwa pafamu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ndi munthu wosonkhezera ng'anjo, pa lamulo la dona, pa tsiku lake lopuma, ndipo sunakhalidwepo ndi mfumu iliyonse. Akalembenso kuti mkazi wogwadayo ali moyo. Anandiwerengera pafoni atalemba, ndinam'bwezera kuti akonze, anakonza. Anandilonjezanso chithunzi chachikulu choti chitsale pakhoma lawo ndi mawu omwewo. Chithunzi si mpando, koma ndinalandira.

Tsiku lonyamula katundu tinalawirira. Dzulo lake malume anali atazinga tambala, mayi anamuotcha mpaka anauma, wamchere wambiri kuti asaonongeke panjira. Anakazinganso mtedza n'kumanga zonse pakansalu koyera. Ndinawauza kuti masiku ano anthu amagula chakudya m'njira. Anandiyankha kuti mthenga sadya za m'thumba mwake.

Ku myuziyamu tinapeza mabokosi ali panja, ena atakhomedwa kale. La mpando linali lotsegula, mtsikana anatidikira. Ulendo uno sananene zoti tisagwire. Mayi anasisita mutu wa mkazi wamtengo uja, anagwira khutu, kenako anabweza dzanja. Ine ndinaika chikhatho pa pokhalira. Pansi pake, pamene diso silifika, panali tizigamba ta sompho timene bambo sanasalaze. Ndinanunkhiza, sindikubisa. Fungo la utsi linali likadalipo pang'ono, lomwe lija ankabwera nalo kunyumba, ndipo ndinawasowa bambo anga kwambiri.

Malume anafotokozera mtsikanayo mwambo wonse m'Chishona. Anamuuza kuti akhale pampando wina, alandire kamba ndi manja awiri, amvetsere osadula mawu, pomaliza ayankhe kuti wamva ndipo akanena. Mtsikana anachita mantha. Anati iye ndi mwana, sangakhale pampando ambuya atagwada. Malume anati lero si mwana, ndi mthenga.

Mayi anayesa kugwada, mwendo unakana. Anayesanso atagwira ndodo, unakananso. Malume anawagwira pamkono.

"Mlamu, musadzivute. Mwana woyamba alipo."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinafuna kukana, mawu anafika mpaka pamilomo. Ine amene ndinatsutsa ulendowu ndi mphamvu zanga zonse, ndikhalenso woutumiza? Koma mayi anali atandipatsira kale kansalu ka kamba m'manja. Ndinamanga chitenje bwino n'kugwada pasimenti, pamaso pa nsapato zoyera zija. Ogwira ntchito amene ankakhoma mabokosi anasiya nyundo.

Mawu ake sindinaphunzitsidwe, koma ndinali nditawamva ndili mwana, anthu ena akutumiza abale awo. Ndinatchula dzina la bambo, la mudzi wawo ndi la mfumu yawo, kenako ndinati:

"Mukafika mukanene kuti mwana wawo uja anapita ku Halale anamwalira. Sanasochere, sanaiwale kwawo, inam'gwira ndi ntchito. Anadwala chifuwa, tinam'samalira, anatisiya tili pomwepo. Tinamuika ndi manja athu mwa mwambo wake. Wasiya mkazi, wasiya ana, wasiya zidzukulu, ndipo onse ali bwino kuno kumene ali. Tachedwa kudzanena, atikhululukire. Katundu wake ndi ameneyu. Akamulire."

Pa mawu omalizawo liwu langa linathothoka. Bambo anali atamwalira kalekale, ndinali nditawaika, ndinali nditazolowera. Koma pakamwa panga panali pasanatulukepo mawu amenewa motere, kuuza anthu a kwawo. Ndinalira ngati afa m'mawa womwewo.

Mtsikana analandira kamba ndi manja awiri. Nayenso misozi inali m'masaya. Anayankha m'Chichewa chake cholemera ndi Chishona, monga anam'phunzitsira malume.

"Ndamva. Ndikanena."

Ogwira ntchito aja anakulunga mpando, anauika m'bokosi, anakhoma. Mayi anaimirira pomwepo mpaka galimoto inatuluka pageti. Sanalire, ndipo pobwerera mu kombi anadya nthochi, anakambirana ndi malume za mtengo wa feteleza ngati anthu ochokera kumsika. Wofiira maso ndinali ndekha.

Titafika kunyumba dzuwa likadalipo, mayi anayala mkeka pabwalo, anatumiza mdzukulu kukagula lumo latsopano, anavula duku n'kukhala pansi atatambasula miyendo.

"Bwera undimete," anatero. "Maliro atha."

Ndinanyowetsa tsitsi lawo ndi madzi a sopo n'kuyamba kumeta kuchokera pachipumi. Imvi zinkagwera pachitenje changa. Nditamaliza anapapasa mutu wonse ndi dzanja, anapeza pamene ndinasiya kuseri kwa khosi, ndinametanso. Kenako anatenga lumo lija m'manja mwanga n'kusendera kumapeto kwa mkeka kuti ndipeze malo.

"Khala pansi, mwana wanga. Anali bambo akonso."